Mafunso ndi mayankho: timatumba ta m'magazi timene ofufuza amafuna, ndi mmene timapatulidwira

Kuno ku Kasungu munthu akamva kuti ofufuza akupempha magazi, amayamba wafunsa kuti magaziwo apita kuti ndiponso akachita nawo chiyani. Mafunso amenewa ndi oyenera, ndipo ife ogwira ntchito m'labu tiyenera kuwayankha mosabisa mawu. Tsamba lino likukhudza mtundu umodzi wa kafukufuku umene wafala kwambiri m'zaka zaposachedwapa, wofufuza timatumba tating'onoting'ono timene maselo a m'thupi amatulutsira m'magazi. Dzina la timatumbati pakati pa akatswiri ndi extracellular vesicles, mwachidule ma EV. Ena mwa mafunsowa amachokera kwa odwala ndi abale awo, ena kwa anamwino, anzathu a m'labu ndi ophunzira.

Kodi ma EV ndi chiyani kwenikweni?

Selo lililonse la m'thupi lakutidwa ndi kakhungu kopyapyala ka mafuta. Nthawi ndi nthawi selolo limatulutsa kathumba kokutidwa ndi kakhungu kotero, ndipo mkati mwake mumakhala zina mwa zimene zinali m'selomo: mapuloteni, mafuta, tizidutswa ta RNA, nthawi zina ngakhale ta DNA (ziwirizi ndi zimene zimanyamula malangizo a chibadwa a selo). Kathumbako si selo ndipo sikangaberekane. Kamangoyenda ndi magazi mpaka kafike pa selo lina, limene likhoza kusintha kachitidwe kake chifukwa cha zimene kathumbako kanyamula.

Ena mwa ma EV amapangidwira mkati mwa selo n'kudzatulutsidwa pambuyo pake, amenewa ndiwo ma exosome. Ena amatumphuka pakhungu la selo n'kuduka. Palinso akuluakulu amene amatsala selo likamafa. Akalowa m'chubu n'kovuta kudziwa kuti aliyense anatuluka motani, n'chifukwa chake ofufuza ambiri masiku ano amangonena kuti ma EV aang'ono kapena ma EV aakulu. Ambiri mwa amene amapezeka m'magazi amachokera ku maselo a magazi omwewo, ku ma platelet amene amathandiza magazi kuundana, ndi ku maselo oyala mkati mwa mitsempha.

Ndi aang'ono bwanji? Maikulosikopu ya kuchipatala ingawaone?

Ayi. Milimita imodzi ili ndi ma nanomita 1,000,000. Selo lofiira la magazi limakhala la ma nanomita pakati pa 7,000 ndi 8,000, pamene ma EV aang'ono amakhala pakati pa 30 ndi 150. Maikulosikopu imene timayezera malungo kapena makhololo siyitha kusiyanitsa zinthu zochepera ma nanomita pafupifupi 200, choncho ma EV ambiri saoneka n'komwe.

Kodi zimenezi ndi zachilendo?

Zinayamba kalekale, kungoti anthu sankaziona ngati zofunika. Mu 1967, Peter Wolf wa ku Birmingham ku England anaona tinthu timeneti m'madzi a m'magazi n'kutitcha fumbi la ma platelet. Mu 1983 magulu awiri, la Rose Johnstone ku Montreal ku Canada ndi la Philip Stahl ku St Louis ku America, anaona kuti maselo ofiira osakhwima amataya mapuloteni amene sakuwafunanso kudzera m'timatumba. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti ntchito yake ndi yokhayo, kutaya zinyalala. Maganizo anasintha mu 1996 pamene Graça Raposo ndi anzake anasonyeza kuti timatumba ta maselo oyera timatha kudzutsa chitetezo cha m'thupi, ndiponso mu 2007 pamene gulu la Jan Lötvall ku Gothenburg ku Sweden linapeza kuti timanyamula RNA kuchoka ku selo lina kupita ku lina. Kuyambira pamenepo kafukufuku anachuluka mpaka panafunika malamulo a kagwiridwe ka ntchito. Bungwe la International Society for Extracellular Vesicles linatulutsa malangizo otchedwa MISEV mu 2014, n'kuwakonzanso mu 2018 ndi mu 2023.

Zikutikhudza bwanji ife a kuno?

Apa ndi pamene mtima wanga uli, chifukwa matenda amene ofufuza amatchula akamakamba za ma EV ndi omwe aja amadzaza mawodi athu.

Tiyambe ndi malungo. Mu 2004, magazini ya zaumoyo ya JAMA inafalitsa zimene Valéry Combes, Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzawo anapeza mwa ana a ku Malawi, ku Blantyre. Ana amene malungo anawagwira mpaka kukomoka anali ndi timatumba tochokera ku maselo oyala mitsempha tochuluka kwambiri kuposa ana ena. Izi zinathandiza kumvetsa kuti malungo a m'bongo amavulaza mitsempha yeniyeniyo. Kenako mu 2013 magulu awiri, lina ku Melbourne ku Australia lina ku yunivesite ya Harvard ku America, anapeza kuti selo lofiira lokhala ndi kachilombo ka malungo limatulutsa ma EV amene amalowa m'maselo ena odwala, ndipo izi zimachititsa tizilombo tina kusintha n'kukhala timene udzudzu umatenga ukaluma munthu. Izi zikusonyeza kuti tizilombo ta malungo timatha kutumizirana uthenga, ndipo ngati uthengawo ungadzadulidwe, kufala kwa matenda kungachepe.

Kaodzera ndi nkhani ya pakhomo kwa anthu okhala kufupi ndi Kasungu National Park, monganso a kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota ndi Vwaza Marsh, kumene kashembe amapezeka. Mu 2016 ofufuza a ku University of Georgia anasonyeza kuti kachilombo koyambitsa kaodzera kamatulutsa ma EV amene amamatirira ku maselo ofiira, ndipo thupi limachotsa maselowo msanga, zimene zinachepetsa magazi m'mbewa zimene anayesera. Anapezanso kuti timatumbati timatha kupatsira tizilombo tina puloteni imene imathandiza kachilombo ka mtundu wa rhodesiense, kamene kali kuno kwathu, kupulumuka m'magazi a munthu.

Pa chifuwa chachikulu cha TB, mapuloteni a kachilomboka apezekapo m'ma EV a m'magazi a odwala. Amene anayesapo kutenga makhololo kwa mwana wa zaka ziwiri akudziwa chifukwa chake njira yoyezera TB m'magazi ikufunidwa chotere. Kwa amayi oyembekezera, nsengwa imatulutsira ma EV ake m'magazi a mayi, ndipo amachuluka kwa amayi amene ali ndi vuto lothamanga magazi la pa mimba lija limabweretsa kutupa ndi kukomoka. Chiyembekezo n'chakuti tsiku lina mayi wa ku Santhe kapena ku Chulu adzadziwika msanga n'kutumizidwa kuchipatala chachikulu vuto lisanakule. Tsiku limenelo silinafike, ndipo pakadali pano chimene chimapulumutsa amayi ndi sikelo, kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kuyeza mkodzo.

Amatenga magazi ochuluka bwanji? Kodi si zomwe zija za anamapopa?

Funso limeneli sitiliseka. Mu 2017 anthu anaphedwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma oyandikana nawo chifukwa cha mphekesera za anamapopa, ndipo mu 2020 mphekeserazo zinafikanso m'maboma a kuno kuchigawo chapakati. Ogwira ntchito zaumoyo ena ankaopa kulowa m'midzi atanyamula bokosi la machubu. Mantha otere amakula pamene anthu sauzidwa zoona, choncho nazi zoonazo.

Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Amene amapereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service amapereka pafupifupi mamililita 450 nthawi imodzi n'kubwerera kwawo ali bwinobwino. Kafukufuku wa ma EV nthawi zambiri amafuna machubu ochepa chabe, mamililita 5 mpaka 20, ndiye kuti sipuni yaing'ono imodzi mpaka zinayi. Kwa ana amachepetsa malinga ndi kulemera kwa mwanayo. Magazi otere sangafooketse munthu, sangaikidwe mwa munthu wina, ndipo akangopukusidwa m'makina n'kuumitsidwa m'firiji amangokhala oyezera basi.

Kafukufuku woona amachitika masana, pamalo odziwika, a mfumu ndi akomiti ya zaumoyo akudziwa. Amakuwerengerani chikalata cha chilolezo m'Chichewa, amakupatsani chanu chopita nacho kunyumba, ndipo mukakana palibe amene angakumaneni mankhwala kapena thandizo lililonse. Wina akakufulumizitsani kusaina musanamve, muli ndi ufulu wonse wonyamuka n'kuchoka.

N'chifukwa chiyani ena amauzidwa kuti abwere asanadye?

Chifukwa cha mafuta. Mafuta amayenda m'magazi atakulungidwa m'timibulu totchedwa ma lipoprotein, ndipo timeneti n'tochuluka kuposa ma EV kwambiri, mwina mpaka kamiliyoni. Tina mwa timibuluti n'tofanana kukula ndi ma EV, tina n'tofanana nawo kulemera. Munthu akadya mandasi kapena chipisi, pakapita maola ochepa madzi a m'magazi ake amaoneka otuwa ngati asakanizidwa ndi mkaka, ndipo kupatula ma EV kumavuta. N'chifukwa chake ofufuza amakonda kutenga magazi m'mawa. Koma wodwala shuga, mayi woyembekezera kapena mwana wodwala sayenera kukakamizidwa kusala kudya chifukwa cha kafukufuku. Zikatero timangolemba nthawi imene munthuyo anadya.

Ndine wa m'labu. Chofunika kwambiri potenga ndi kukonza magaziwo n'chiyani?

Ola loyamba. Anthu amaganiza kuti ntchitoyi imaimira pa makina odula a ku Blantyre kapena a kunja, koma zotsatira zimakonzeka kapena kuonongeka m'manja mwa amene wagwira singano ndi amene wanyamula chubu. Chifukwa chake n'chakuti ma platelet sachedwa kudzidzimuka. Akangosokonezedwa amatulutsa ma EV ankhaninkhani ali m'chubu momwemo, ndipo ofufuza amadzawerenga timatumba timene sitinali m'thupi mwa wodwalayo, n'kumaganiza kuti apeza chizindikiro cha matenda.

Choncho gwiritsani ntchito singano yaikulupo, ya 21G kapena yokulirapo, masulani lamba wa pamkono magazi akangoyamba kutuluka, ndipo mamililita awiri kapena atatu oyamba musawaike mu chubu cha ma EV. Chubu chokondedwa ndi cha citrate, cha chivindikiro chabuluu, kapena cha EDTA, cha chivindikiro chapepo chimene tinazolowera pa full blood count. Cha heparin chobiriwira chija chimasokoneza PCR, njira yoyezera RNA ndi DNA, choncho sichiyenera ngati ofufuza akufuna RNA. Cha chivindikiro chofiira chimapereka serum, madzi otsala magazi akaundana, ndipo serum imadzala ndi ma EV otuluka pamene magazi akuundana, n'chifukwa chake ambiri amasankha plasma, madzi a magazi amene sanaundane.

Tembenuzani chubu pang'onopang'ono kangapo, musachikhutchumule. Chisungeni chili chiimire, pamalo osatentha, koma osati mu ayisi kapena m'firiji, chifukwa kuzizira nakonso kumadzidzimutsa ma platelet. Apa pamasiyana ndi zimene tinazolowera pa zoyezera zina, ndipo n'pamene ambiri amalakwira ndi mtima wabwino. Magazi osapukusa akayenda pa njinga yamoto pa msewu wa mabampu kuchokera ku Wimbe kapena ku Kaluluma, akamafika paboma amakhala atasintha kale. Ndi bwino kuti wopereka magazi afike kumene kuli makina opukusira, kusiyana ndi kuti magaziwo ayende mtunda.

Pukusani pasanathe ola limodzi, kukavutitsitsa awiri. Njira yodziwika ndi kupukusa pa 2,500 g kwa mphindi 15, kutapa plasma mosamala n'kusiyako pang'ono pamwamba pa kamzere koyera kokhala pamwamba pa maselo ofiira, kenako kupukusanso plasmayo pa 2,500 g kwa mphindi zina 15. Zindikirani kuti g, muyezo wa mphamvu ya kupukusa, si rpm, kuchuluka kwa mizungulo pa mphindi. Makina awiri ozungulira pa rpm yofanana amapereka mphamvu yosiyana ngati mikono yake ndi yosiyana kutalika, choncho werengani buku la makinawo. Plasma ikaoneka yofiirira, maselo ofiira anasweka, lembani zimenezo. Lembaninso nthawi yotengera, nthawi yopukusira ndi nthawi youmitsira. Kapepala kameneko n'kofunika mofanana ndi chubucho, ndipo dzina la amene wagwira ntchito imeneyi mosamala liyenera kukumbukiridwa zotsatira zikamalembedwa.

Nanga ma EV enieniwo amapatulidwa bwanji?

Palibe njira imodzi yopereka ma EV okhaokha, iliyonse imapeza china n'kutaya china.

Yakale kwambiri ndi ultracentrifuge, makina opukusa pa mphamvu ya 100,000 g kwa ola limodzi kapena awiri mpaka ma EV atakhazikika pansi pa chubu. Makinawa ndi odula, amafuna magetsi osadukaduka, ndipo pansipo pamakhazikikanso mapuloteni ena oundana. Pofuna kuyeretsa, ofufuza amaika zimene zakhazikikazo m'madzi a iodixanol osanjikizana molingana ndi kulemera kwake, n'kupukusanso kuti chilichonse chiime pamalo pake.

Njira yachiwiri, imene yafala kuyambira cha mu 2014, ndi yosefa potengera kukula. Plasma imathiridwa pamwamba pa chubu chodzaza ndi timikanda tokhala ndi timabowo. Imagwira ntchito mosemphana ndi sefa wa ufa: pa sefa zosalala ndi zimene zimatsika madeya n'kutsala, koma apa tinthu tating'ono timalowa m'timabowo n'kuchedwa, pamene ma EV, pokhala aakulupo, amalambalala n'kutuluka poyamba. Ntchitoyi imatha pa mphindi zosakwana 30 ndipo siifuna magetsi. Kwa ine iyi ndi njira imene ingathe kugwira ntchito m'malabu ngati athu. Vuto lake n'lakuti timibulu ta mafuta takulutakulu timatuluka limodzi ndi ma EV.

Palinso mankhwala ogulitsidwa m'mabokosi, ambiri okhala ndi polyethylene glycol, amene amagwetsa ma EV pa makina opukusira wamba. N'ngosavuta, koma amagwetsa pafupifupi chilichonse, ndipo zotsatira zopezeka mwa njira yokhayi ziyenera kulandiridwa mosamala. Njira yomaliza ndi ya timikanda ta maginito topakidwa ma antibody, mapuloteni a chitetezo cha m'thupi, amene amagwira puloteni inayake ya pakhungu la ma EV. Iyi imapereka oyera bwino koma ochepa, ndipo imasiya onse amene alibe puloteni imeneyo. Malabu osamala amaphatikiza njira ziwiri.

Mumadziwa bwanji kuti zimene mwapeza ndi ma EV?

Pamafunika umboni wa mitundu ingapo. Makina otchedwa NTA amaunika ndi laser n'kuwerenga tinthu timene tikugwedera m'madzi, koma sadziwa kusiyanitsa EV ndi kambulu ka mafuta. Maikulosikopu ya ma elekitironi imaonetsa maonekedwe. Kenako amafufuza mapuloteni amene ma EV amakhala nawo kawirikawiri, monga CD9, CD63, CD81 ndi TSG101, ndiponso amene sayenera kuchuluka, monga albumin ndi ApoB ya mafuta. Mapuloteni ena amaulula kochokera: CD41 ndi wa ma platelet, CD235a ndi wa maselo ofiira. Amene wangonena nambala ya tinthu popanda umboni winawu sanatsimikize kanthu.

Magazi a munthu amene ali ndi HIV amavuta mwapadera, chifukwa kachilomboka n'kofanana kukula ndi ma EV aang'ono ndipo kamatsatana nawo pafupifupi pa njira zonse. Zimene zapatulidwazo zikhoza kupatsira matenda, choncho magolovesi, chotchinga kumaso ndi katayidwe koyenera sizisintha ngakhale madziwo akuoneka oyera.

Kodi zonsezi zingachitikire ku Kasungu konkuno?

Gawo loyamba, inde. Kutenga magazi bwino ndi kupukusa kawiri n'zotheka m'labu ya chipatala cha paboma. Chovuta ndi kusunga. Plasma iyenera kugawidwa m'timachubu tating'ono n'kuumitsidwa pa madigiri 80 kutsika pa ziro, ndipo sikufunika kuti isungunuke n'kuumanso, chifukwa timatumba timasweka ndi kumatirirana. Firiji yotere imafuna jenereta kapena solar yodalirika, chifukwa magetsi akazima usiku umodzi ntchito ya miyezi imaonongeka. Choncho kafukufuku wotere amadalira kutumiza plasma ili youma pa msewu wa M1 kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130, kapena ku Blantyre kumene kuli Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi-Liverpool-Wellcome Programme. Kuyeza kwina kumafuna makina amene amapezeka m'mayiko ochepa.

Ndiye kuti magazi anga akhoza kupita kunja kwa dziko?

Akhoza, koma osati mwachisawawa. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu ku Malawi ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga National Health Sciences Research Committee kapena College of Medicine Research and Ethics Committee (COMREC), ndipo kutumiza zoyezera kunja kumafuna mgwirizano wolembedwa wonena zimene zikachitike kumeneko. Chikalata chanu chiyenera kunena ngati magazi atumizidwe kunja, asungidwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso amene mungamuimbire mukafuna kudandaula kapena kusiya. Pa chubu pamalembedwa nambala, osati dzina lanu. Funsani ngati adzayeze DNA, chifukwa zimenezo zimakhudzanso abale anu ndipo zimafuna chilolezo chomveka bwino. Funsaninso kuti ofufuzawo adzabwera liti kudzauza anthu a m'dera lanu zimene apeza. Ofufuza amene amatenga magazi n'kuzimiririka osabwereranso ndi amene amalimira mphekesera munda, ndipo amene amavutika pambuyo pake ndi azaumoyo a m'mudzi.

Ndidzalandira zotsatira zanga? Zingandiuze matenda amene ndili nawo?

Nthawi zambiri ayi. Zotsatira za ma EV zimakhala ndi tanthauzo zikaphatikizidwa za anthu ambiri, ndipo palibe muyezo wovomerezeka wonena kuti nambala yakuti ndi ya munthu wathanzi. Ku America kuli njira yotchedwa ExoDx yothandiza madokotala kuganizira za khansa ya prostate, koma imagwiritsa ntchito mkodzo, ndipo siyilowa m'malo mwa kuyeza kwina. Ngati pa kafukufukuyo akuyezaninso malungo, HIV kapena kuchuluka kwa magazi, zotsatira zimenezo muyenera kuuzidwa ndi kuthandizidwa.

Ndaona pa Facebook ndi pa WhatsApp anthu akugulitsa mankhwala a exosome, akuti amachiza shuga, sitiroko ndi ukalamba. Ndigule?

Musagule. Kafukufuku wofuna kugwiritsa ntchito ma EV ngati mankhwala alipo ndithu, koma akadali pa mayeso. Mu December 2019 bungwe la FDA loyang'anira mankhwala ku America linachenjeza anthu pambuyo poti odwala ena ku Nebraska anadwala kwambiri atabayidwa zinthu zogulitsidwa ndi dzina limeneli, ndipo linanena kuti panalibe mankhwala a exosome amene linavomereza. Ngati malabu akuluakulu amavutika kutsimikiza zimene zili m'chubu chawo, wogulitsa pa foni sangakuuzeni zimene zili m'botolo lake, kumene zinachokera, kapena ngati munthu amene anazipereka anayezedwa HIV ndi matenda a chiwindi. Choopsa china n'chakuti ogulitsawa amauza anthu kuti asiye mankhwala a kuchipatala. Musasiye ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP chifukwa cha uthenga wotere. Mankhwala ogulitsidwa ku Malawi ayenera kukhala olembetsedwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo mukakayikira, tengani botololo kapena chithunzi chake mukaonetse a dokotala kapena a kufamase ya chipatala chimene muli nacho pafupi.